Kodi Galu Akamalota Amadziwa Kuti Akulota?

Amene anakhalako ku Nsanje m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti masana sikuyendeka. Kutentha kumapitirira madigiri 40, mchenga umawotcha kuphazi, ndipo chamoyo chilichonse chimasaka mthunzi. Mbuzi zimaunjikana kuseri kwa nyumba, anthu amayala mkeka pansi pa mtengo, galu naye amafukula kadzenje pamene panatayidwa madzi n'kugonapo. Mukamuyang'anitsitsa galuyo kwa kanthawi mudzaona zodabwitsa. Miyendo imayamba kupalasa ngati akuthamanga, milomo imanjenjemera, mchira umagunda pansi, ndipo nthawi zina amauwa chapansipansi pakamwa pali potseka. Ana amaseka n'kumati akuthamangitsa kalulu. Akuluakulu ena amachita mantha, amaganiza za chiwewe kapena zamatsenga, mwina wina n'kutola mwala.

Ana aja sakulakwitsa kwenikweni, chifukwa umboni woti agalu amalota ndi wochuluka. Koma pali funso lina lovutirapo. Munthu nthawi zina amazindikira ali m'kati mwa maloto kuti zimene akuonazo si zenizeni. Kodi galu nayenso amafika pamenepo? Funsoli lingamveke ngati la macheza a ku hositelo magetsi atazima, komatu yankho lake likukhudza mmene timachitira ndi ziweto zathu, ndiponso chitetezo cha ana amene amasewera nazo.

Maloto ozindikira n'chiyani?

M'maloto ambiri timakhulupirira chilichonse. Mungalote mukulemba mayeso m'bwato pakati pa Shire, woyang'anira mayesoyo ali agogo anu amene anamwalira kalekale, inu osadabwa ngakhale pang'ono. Mumadzadabwa mutadzuka. Koma nthawi zina, malotowo ali m'kati, maganizo amatseguka ndipo mumadziuza kuti, "Iyayi, apa ndikulota." Simunadzuke, thupi lidakali pamphasa, koma mukudziwa pamene muli. Ena akafika apa amatha kusintha malotowo, monga kusiya kuthawa chimene chikuwathamangitsa, kapena kudzidzutsa dala. M'Chingerezi amati lucid dream, dzina limene anatchukitsa dokotala wa ku Netherlands, Frederik van Eeden, mu 1913. M'nkhani ino tiziti maloto ozindikira.

Si zachilendo kapena zamakono. M'chaka cha 415, Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, analemba kalata yofotokoza za sing'anga wina wa ku Carthage dzina lake Gennadius, amene ali kutulo anazindikira kuti thupi lake lili gone m'chipinda ndipo zimene akuonazo akuziona m'maloto. Mu 2016 akatswiri ena ku Britain anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa zaka 50 ndipo anapeza kuti anthu pafupifupi 55 pa 100 alionse analotapo motere kamodzi pa moyo wawo, pamene 23 pa 100 zimawachitikira mwezi uliwonse. Mukafunsa anzanu m'kalasi mudzapeza angapo.

Zimene zimachitika tikagona

Kuti timvetse za galu, tiyambe ndi tulo ta munthu. Mu 1953, ku yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anaona kuti munthu wogona amafika pa nthawi imene maso ake amayendayenda mofulumira zikope zili zotseka. Akamudzutsa pa nthawi imeneyo, kawirikawiri ankanena kuti amalota. Gawo limeneli la tulo limatchedwa REM. Limabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo limatalika kukamayandikira kucha. N'chifukwa chake maloto a mbandakucha ndi amene timawakumbukira kwambiri.

Pa nthawi ya REM ubongo umagwira ntchito kwambiri ngati munthu ali maso, koma tsinde la ubongo limatumiza uthenga womanga minofu ya thupi kuti munthu asachite zimene akulota. Kupanda zimenezi, wolota akusewera mpira bwenzi akumenya khoma. Maso ndi minofu yopumira ndi zimene zimatsala zomasuka. Nthawi zina munthu amadzuka minofu isanamasuke: akuona chipinda, akufuna kufuula, koma thupi lonse lili gwa, pachifuwa ngati pakhala munthu. Kumudzi ambiri amathamangira kunena kuti afiti amukhalira, koma ndi chingwe chomwechi cha REM chimene chachedwa kumasuka, ndipo chimamasuka chokha pakapita kanthawi kochepa.

Agalu nawo ali ndi tulo ta REM. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amagona modukizadukiza usana ndi usiku, ndipo amalowa mu REM msanga kuposa ife. Kupalasa miyendo kuja ndi timauthenga tochepa timene tapulumuka pa chingwe chomanga minofu.

Umboni woti nyama zimalota

Ganizo lakuti nyama zimalota ndi lakale. Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ankaona kuuwa kwa agalu kutulo ngati chizindikiro cha maloto. Koma umboni wooneka ndi maso unabwera mu 1965 ku Lyon, m'dziko la France. Michel Jouvet anawononga kachigawo ka tsinde la ubongo kamene kamamanga minofu mwa amphaka. Amphakawo akalowa mu REM ankadzuka n'kuimirira ali mtulo, ankanyang'ama ngati aona khoswe, ankadumphira chinthu chosaoneka, mwina n'kutukumula msana ngati akumenyana ndi mnzawo. Chinachake chinkachitika m'mutu mwawo, ndipo chinali chofanana ndi moyo wa mphaka wa tsiku ndi tsiku.

Mu 2001, Kenway Louie ndi Matthew Wilson a ku MIT, ku America, anachita zina ndi makoswe. Anawaphunzitsa kuthamanga m'kanjira kozungulira kuti apeze chakudya, uku akujambula mmene maselo a chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus akugwirira ntchito. Chigawo chimenechi chimasunga mapu a malo: selo lina limayaka khoswe akafika pakona, lina akayandikira chakudya. Makoswewo atagona n'kulowa mu REM, maselo aja anayaka mwa ndondomeko yomweyo, moti akatswiriwo ankatha kuloza kuti khosweyo wafika pati m'kanjira kake ka kutulo.

Mbalame nazo zili momwemo. Mu 2000, Amish Dave ndi Daniel Margoliash a ku Chicago anapeza kuti timbalame tina ta ku Australia tonga mpheta tikagona, maselo amene amayendetsa kuimba amabwereza nyimbo imene kambalameko kanaimba masana. Mu 2016, gulu la Gilles Laurent ku Frankfurt, m'dziko la Germany, linapeza tulo tofanana ndi REM mwa buluzi wa ku Australia wa banja limodzi ndi gulo wathu uja wogwedeza mutu pamtengo. Ngakhale akangaude ena odumpha anapezeka mu 2022 akugwedeza timiyendo ndi maso ali mtulo.

Njovu, zonga zimene timaona ku Majete ku Chikwawa, zili ndi nkhani yakeyake. Mu 2017, Paul Manger wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anatsatira njovu ziwiri zazikazi za kutchire ku Chobe, m'dziko la Botswana, kwa masiku 35. Zinkagona pafupifupi maola awiri okha pa tsiku, nthawi zambiri choimirira, ndipo zinkagona pansi kamodzi pa masiku atatu kapena anayi. Popeza REM imafooketsa minofu, akatswiriwo anaganiza kuti njovu imalowa mu REM pokhapokha ikagona pansi. Ngati zili choncho, ndiye kuti njovu imalota mwa apo ndi apo, pamene galu wapakhomo amalota kangapo tsiku lisanathe.

Pali chenjezo limodzi. Si kugwedezeka kulikonse kumene kuli loto. Mark Blumberg wa ku yunivesite ya Iowa wasonyeza, pogwiritsa ntchito tiana ta makoswe, kuti kugwedezeka kwa kutulo kumathandiza ubongo wa mwana kuphunzira kuti mwendo uli pati ndipo umayenda bwanji. N'chifukwa chake tiagalu tongobadwa kumene timagwedezeka kwambiri kuposa agalu akuluakulu, ngakhale sitinaonepo kalulu chibadwire. Komabe tikaphatikiza umboni wonsewu, n'zovuta kukana kuti galu wamkulu amalota, ndipo mwachionekere amalota za moyo wake: fungo, anthu a pakhomo, agalu anzake ndi nyama zimene amathamangitsa.

Mmene anatsimikizira kwa anthu

Tsopano tibwere ku funso lathu. Kwa zaka zambiri asayansi sankakhulupirira n'komwe kuti maloto ozindikira alipo. Ankati amene akunena zimenezi amakhala atadzidzimuka pang'ono osadziwa. Vuto linali lakuti wolota sangalankhule, sangakweze dzanja, ndipo akadzuka n'kufotokoza palibe amene angamutsimikizire.

Njira inapezeka chifukwa cha maso aja amene amatsala omasuka. Pa 12 Epulo 1975, ku yunivesite ya Hull ku England, Keith Hearne anapangana ndi Alan Worsley, munthu amene ankalota mozindikira kawirikawiri, kuti akangozindikira kuti akulota ayendetse maso kumanzere ndi kumanja motsatana kangapo. Worsley anagona atamumata timawaya kumutu ndi m'mbali mwa maso. Makina akusonyeza kuti ali mu REM ndithu, chizindikiro chija chinaoneka papepala monga anapanganirana. Stephen LaBerge wa ku Stanford anachitanso zomwezo payekha ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 1981.

Mu 2021 magulu anayi a akatswiri, a ku America, France, Germany ndi Netherlands, anapitirira apo. Anafunsa mafunso anthu 36 ali mtulo. Wina atafunsidwa kuti 8 kuchotsapo 6 ndi zingati, anayendetsa maso kawiri. Mafunso ambiri sanayankhidwe, ndipo oyankhidwa molondola sanakwane limodzi pa asanu alionse, koma zinakwanira kusonyeza kuti wolota angathe kumva, kuganiza ndi kuyankha asanadzuke.

Taonani chimene chinafunika pa zoyesa zonsezi: pangano. Munthu anauzidwa ndi mawu, ali maso, kuti "ukazindikira kuti ukulota, uchite chakuti." Anamvetsa tanthauzo la mawu oti kulota, anasunga panganolo, nalikumbukira ali kutulo. Galu mungamuphunzitse kukhala pansi, kubweza mbuzi, kapena kuuwa mlendo akafika, chifukwa mumamupatsa mphotho pa nthawi imene wachita chinthu chimene inu mukuchiona. Koma mungamupatse bwanji mphotho chifukwa chozindikira kuti akulota, pamene inuyo simungaone nthawi imene wazindikirayo? Apa ndi pamene pagona vuto, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero palibe kafukufuku amene wasonyeza maloto ozindikira mwa galu kapena nyama ina iliyonse.

Kodi galu amadziwa za maganizo ake?

Popeza khomo lakutsogolo latsekeka, akatswiri amazungulira kuseri. Kuti uzindikire kuti ukulota, uyenera kutha kuyang'ana maganizo ako omwe n'kuwaweruza. Kodi nyama zimatha zimenezi zili maso?

Mu 1970 Gordon Gallup anayesa anyani a mtundu wa chimpanzi ndi kalilole. Anawapaka kadontho kofiira pankhope ali okomoka. Atadzuka n'kuyang'ana pakalilole, anagwira nkhope zawo, osati kaliloleyo, kusonyeza kuti akudziwa kuti akudziona okha. Njovu ina yotchedwa Happy inachita zofanana ku Bronx Zoo ku New York mu 2006. Agalu amalephera mayeso amenewa. Koma galu amadalira mphuno kuposa maso, choncho mu 2017 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College anawayesa ndi fungo. Agalu ananunkhiza nthawi yaitali mkodzo wawo umene anausakaniza ndi fungo lina kuposa umene sanausinthe, ngati akudziwa fungo lawo ndipo aona kuti lasokonezedwa.

Mu 2018, ku Jena m'dziko la Germany, Julia Belger ndi Juliane Bräuer ankabisa chakudya kapena chidole kuseri kwa umodzi mwa mipanda iwiri yokhala ndi kampata. Agalu amene sanaone kumene chabisidwa ankakonda kuyamba asuzumira pakampatako asanasankhe, kuposa amene anaona. Zikukhala ngati galu amatha kuzindikira kuti apa sakudziwa, ngakhale ofufuzawo anachenjeza kuti luso limeneli silinali lokhazikika ngati la anyani.

Palinso nkhani ya kapangidwe ka ubongo. Pa maloto wamba, chigawo chakutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, chimene chimaweruza ngati chinthu chili chomveka, chimachepetsa ntchito. Ndiye chifukwa chake agogo omwalira akamayang'anira mayeso m'bwato sitidabwa. Kafukufuku wa Ursula Voss mu 2009 ndi wa Martin Dresler mu 2012, onse ku Germany, anasonyeza kuti pa maloto ozindikira chigawo chimenechi chimadzukanso. Agalu ali nacho chigawochi, koma n'chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi cha munthu.

Ndiye yankho ndi lotani? Galu amalota: pamenepa umboni ndi wamphamvu. Galu ali ndi kakudzidziwa kena: umboni ulipo koma ndi wochepa. Galu amazindikira kuti akulota: palibe umboni, ndipo zimene tikudziwa za ubongo wake zikutipangitsa kukayikira. Ngakhale kwa ife anthu, amene tili ndi mawu oti maloto ndipo timakambirana m'mawa zimene talota, kuzindikira kotereku kumabwera mwa kamodzikamodzi.

Tanthauzo lake pakhomo pathu

Yankho limeneli lili ndi phunziro. Anthu a ku Makhanga, Bangula, Tengani ndi Marka aona madzi osefukira mu Januwale 2015, mu 2019, mu 2022, ndiponso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Opulumuka ngozi zotere nthawi zambiri amalota madzi akubweranso. Munthu ali ndi pothawira: angazindikire kutulo komweko kuti ndi maloto, kapena akadzuka wina amamuuza kuti, "Gonani, mumalota." Akatswiri ena a zamaganizo amaphunzitsanso odwala njira zosinthira maloto oopsa obwerezabwereza. Nyama nazo zimabwereza zoopsa kutulo. Mu 2017, ofufuza a ku New York anapeza kuti ubongo wa makoswe ogona umabwereza njira imene anakumanapo ndi chinthu chowaopseza. Koma galu palibe amene angamufotokozere. Ngati sangazindikire kuti akulota, ndiye kuti fisi amene akumuthamangitsa kutulo ndi fisi weniweni kwa iye.

Tsono taganizani mwana akumukoka mchira kapena kumuponda pa nthawi imeneyo. Galu amadzidzimuka mantha adakali m'thupi, ndipo angalume asanadziwe kuti dzanjalo ndi la mwana amene amadya naye mkute tsiku lililonse. Galu wolota musiyeni. Ngati pakufunika kumudzutsa, imani patali n'kumuitana dzina mofatsa, osamugwira, osamugenda. Ana aphunzitsidwe zimenezi monga timawaphunzitsira za moto.

N'kofunikanso kusiyanitsa maloto ndi matenda, ndipo apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Galu wolota amakhala wofewa thupi, kugwedezeka kwake kumabwera modukiza ndipo sikutenga nthawi, mukamuitana amadzuka, n'kukuzindikirani, mwina n'kugwedeza mchira. Galu amene wagwidwa ndi matenda onga khunyu, kapena wadya poizoni monga tameki kapena mankhwala opopera thonje, amauma thupi, amaphupha mwamphamvu, samva kuitana, amatha kudzikodzera ndi kutuluka thovu, ndipo zikatha amakhala wosokonezeka. Ameneyo musamuike dzanja kukamwa, itanani alangizi a ziweto.

Chiwewe ndi china. Sichionekera kutulo kokha ayi, chimasintha khalidwe la galu ali maso. Galu wofatsa amayamba ukali, kapena wolusa amazizira modabwitsa. Amaluma chilichonse ngakhale mitengo ndi miyala, amayendayenda osadziwa kwawo, mawu ake amasintha, dovu limachucha, chibwano chimatha kulendewera, ndipo amafa pasanathe masiku 10. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a ku Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba mwa munthu, kupulumuka kulibe. Choncho munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, kaya galuyo amalota kaya ayi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pa chipatala chachikulu cha Nsanje, kaya pa Trinity ku Muona, kaya pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Osadikira kuti tione kaye.

Chitetezo chachikulu ndi katemera wa agaluwo. Agalu 70 pa 100 alionse m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amasiya kufala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 30,000 mu mzinda wa Blantyre. Mukamva kuti alangizi a ziweto akubaya agalu m'dera lanu, mutengeni wanu, ndipo muwauze oyandikana nawo nyumba.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Zikuoneka kuti ngakhale kutulo sapalasa miyendo pachabe: pali chimene akuthamangitsa kapena chimene akuthawa. Mukapita kumudzi pa holide n'kumupeza ali gone pamthunzi, miyendo ikupalasa, khalani pansi mumuonerere, muwaitane ana kuti aone maso ake akuyendayenda pansi pa zikope. Muwauze kuti akulota, kuti mwina sakudziwa kuti akulota, ndipo n'chifukwa chake sitimudzidzimutsa.